Kusintha Mankhwala a Schizophrenia: Zimene Magazi Amaonetsa

Matenda a schizophrenia amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kukhulupirira zinthu zopanda umboni. M'zipatala zathu odwala ambiri amayambira pa chlorpromazine kapena haloperidol, ndipo ena amabayidwa jakisoni wa fluphenazine kamodzi pamwezi.

Mankhwalawa amasinthidwa pa zifukwa ziwiri: akalephera kuthandiza, kapena akayamba kuzunza thupi. Koma kulephera sikuweruzidwa msanga. Wodwala ayenera kumwa mlingo wokwanira kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, osadumphitsa. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa: akaona m'bale wawo akunjenjemera manja kapena kuuma khosi, amamusiyitsa mankhwala pakhomo, ndipo matenda amabwerera. Chikhalirecho, kuumako kumachepa ndi benzhexol kapena pochepetsa mlingo. Kusintha ndi ntchito ya dokotala, yemwe kawirikawiri amatsitsa akale pang'onopang'ono uku akukweza atsopano.

Nanga magazi amathandiza bwanji? Akatswiri akufufuza zizindikiro za kutupa m'magazi, monga CRP, kuti aziona msanga amene mankhwala angamuthandize, koma njirayi sinafike poigwiritsa ntchito kuchipatala. Pakadali pano magazi amaonetsa makamaka mmene thupi likuwalandirira mankhwala. Olanzapine amanenepetsa ndi kukweza shuga ndi mafuta m'magazi. Risperidone amakweza prolactin, mwakuti mayi amatha kusiya kusamba kapena kutuluka mkaka asakuyamwitsa. Izi si zamatsenga ayi.

Mankhwala awiri osiyana akalephera, pamaganiziridwa clozapine. Ndi amphamvu, koma mwa odwala ochepa amatsitsa kwambiri maselo oyera a magazi amene amateteza thupi ku matenda. Nchifukwa chake miyezi yoyambirira magazi amayezedwa mlungu uliwonse, ndipo womwa clozapine akatentha thupi kapena kumva zilonda pakhosi ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, osangoganiza kuti ndi malungo. Fodyanso ali ndi mbali: utsi wake umachepetsa mankhwalawa m'magazi, choncho wosiya kusuta adziwitse dokotala, chifukwa mlingo womwewo ukhoza kukhala wochuluka.

Umboni waukulu woti mankhwala atsopano akugwira umachokera pakhomo: wodwala akugona, akusamba, wabwerera kumunda. Womuperekeza afotokoze zimenezi patsiku la kiliniki, atanyamula buku lachipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, akale ndi atsopano. Kumene vuto lapitirira, chipatala cha boma chimatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu.