Dzina ndi Chizindikiro cha Katundu wa Gulu Lanu

Ambiri a inu amene munamaliza maphunziro a kuŵerenga ndi kulemba tsopano muli m'magulu. Ena mukusinja chiponde, ena mukukazinga mtedza wogulitsa. Ntchitoyi njabwino. Koma tapitani pa msika wa Kamwendo kapena wa pa boma mukaone. Mabotolo a chiponde ali ndandanda, onse ofanana. Munthu amene anagula chanu sabata yatha, nachikonda, lero achizindikira bwanji? Angotola chilichonse, ndalama n'kupita kwa wina.

Nchifukwa chake katundu amafuna dzina ndi chizindikiro. Kuno ku Mchinji zimenezi si zachilendo. Alimi a mtedza a bungwe la MASFA, limene ndi nthambi ya NASFAM, analandira chizindikiro cha Fairtrade m'chaka cha 2004. Mtedza wa m'minda yathu unakagulidwa m'masitolo a ku Britain ndi anthu amene sanapondepo ku Mchinji. Alimiwo sanawaone. Anakhulupirira chizindikiro cha pa paketi.

Ntchito yokonza chizindikiro musamsiyire wapampando yekha, kapena mwana wa sukulu poti amadziŵa kujambula. Khalani pansi nonse. Mlembi atsegule kope, alembe ntchito iliyonse, dzina la woigwira, ndi tsiku lodzapereka yankho ku gulu. Mukangoti "tonse tichita," dziŵani kuti palibe amene adzachite.

Ntchito yoyamba si kujambula ai. Ndi kufunsa. Anthu aŵiri apite ku msika tsiku la msika, akacheze ndi ogula. Kodi amafuna botolo lalikulu kapena laling'ono? Amakonda chiponde cha mchere? Chimene amadandaula nacho nchiyani? Zimene amva akazilembe monga momwe anthuwo anenera, osakometsera.

Mukamva zimenezo, sankhani dzina lalifupi, losavuta kutchula. Kenaka jambulani zizindikiro zitatu pa mapepala wamba. Apa kumbukirani kumene mwachokera. Si kale pamene inunso zilembo zinkakuvutani, ndipo ogula ena zikuwavutabe. Tsono chithunzi chikhale chachikulu ndi chosavuta, choti mayi angathe kutuma mwana kuti, "Kagule chija cha tambala wofiira." Mapepala atatuwo mukawaonetse kwa anthu a pa msika, osati kwa abale anu, pakuti abale adzangoyamikira zonse. Patapita kanthaŵi muwafunsenso kuti akukumbukira chiti. Ndalama zosindikizira musatulutse izi zisanachitike.

Pali chinanso chimene ife a m'malire sitiyenera kuiŵala. Ogula ena amachokera ku Chipata, kudzera pa chipata cha Mwami. Ndalama zawo ndi kwacha, zathunso ndi kwacha, koma mphamvu zake nzosiyana kutali. Polemba mtengo onetsani kuti ndi kwacha ya Malaŵi, kuti pasakhale mkangano pa tebulo.

Gwirizananinso za kalandiridwe ka ogula. Mudzipezeka masiku ati, ndipo pa malo ati? Ndani asunge ndalama zosinthira? Munthu akabweza botolo ati lawonongeka, mumpatsa lina kapena mumbwezera ndalama? Yankho likhale limodzi, kaya pa tebulo pali mai Uje kapena bambo Uje. Yeserani pa msonkhano: wina akhale wogula wovuta, wina wogulitsa. Mudzaseka, koma mudzaona pamene pakupereŵera.

Tsopano mau olemera. Dzina limathandiza anthu kukupezani, komanso limawathandiza kukuthaŵani. Mdani wamkulu wa mtedza ndi chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiŵindi, ndipo kukazinga sikumchotsa. Kale dziko lathu linkatumiza mtedza wa Chalimbana wambiri ku Ulaya, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatilanda msika umenewo. Chizoloŵezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda chimaitana chuku. Gulu lisankhe munthu wosaopa nkhope, woti azikana mtedza wonyowa kapena wofumbwa ngakhale utachokera kwa msungichuma. Mukafuna kuti chiponde chanu chiloŵe m'masitolo akuluakulu, a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndiwo amayesa zakudya ndi kupereka chizindikiro chawo. Ikani ulendo umenewo m'kope, ndi ndalama zake zomwe.

Zokambirana m'gulu:

1. Tchulani katundu mmodzi amene mumamzindikira ndi chithunzi chokha. Pa chithunzicho pali chiyani?
2. Lembani m'kope maina a anthu aŵiri amene apite kukafunsa ogula, ndi tsiku limene adzabwere ndi mayankho.