Thaulo la Dalitso

Lero ndi pa Ciwelu. Tisa ndi amai ake akucapa zobvala. Mwezi wa Okutobala madzi amacepa mu mtsinje wa Chongwe. Lero atunga zigubu 2 cabe pa citsime.

Tisa waponya thaulo la Dalitso m'beseni la malaya oyera a kusukulu.

"Iwe Tisa, cotsamo msanga!" atero amai. "Mlongo wako ali ndi cipere kumutu. Cipere cimayenda ndi thaulo."

"Nanga madzi, amai? Sadzakwana."

"Yamba zoyera. Madzi omwewo ticapire zakuda. Thaulo ticape palokha, ndi sopo ndi madzi otentha."

Tisa wayanika thaulo padzuwa. Lauma gwaa!

Mafunso
1. Kodi Dalitso akudwala ciani?
2. Cifukwa ninji thaulo alicapa palokha?