ZA MSIKA WA MASHEYA WA KU BLANTYRE

Abale athu a m'midzi, ambiri a inu mwamva kuti ku Blantyre kuli msika wina wosagulitsapo cimanga, kapena nsaru, kapena nsomba, koma anthu apindulapo, ndi ena atayapo cuma cao. Ndipo popeza sasowa onyenga amene achula dzina la masheya kuti alande ndalama za fodya ndi za mtedza, tayesa nkwabwino kuti mwezi uno tiphunzire pamodzi ciyambi ca msikawo, mayendedwe ace, ndi cimene Mkristu ayenera kucita nao.

1. Sheya nciani?

Tiyerekeze kuti anthu khumi a mudzi umodzi afuna kugula cigayo ca K5,000,000, ndipo palibe mmodzi wakukhoza kucigula yekha. Tsono asonkha, yense K500,000. Cigayoco ncao onse, ndipo yense ali nalo gawo limodzi la magawo khumi. Pakutha caka, atalipira mafuta ndi wanchito, agawana zotsala monga mwa magawo ao; koma cikaonongeka, ataya onse pamodzi. Gawo lotere ndilo sheya. Mmodzi wa iwo akasowa ndalama, sakhoza kuzula gudumu la cigayo ndi kupita nalo kwao, iai, koma agulitsa gawo lace kwa munthu wina, ndipo cigayo cipitirirabe kugaya. Msika wa masheya ndiwo pokomana iwo ofuna kugulitsa magawo a makampani akuru ndi iwo ofuna kuwagula.

Cinthu ici si cacilendo m'dziko lathu. M'caka ca 1878 anthu a ku Glasgow anasonkha ndalama motero, nayambitsa kampani ya malonda a ku nyanja, imene makolo athu anaicha Mandala, cifukwa ca mandala a m'maso a John Moir.

2. Ciyambi cace

Malonda a magawo anakula poyamba ku Amsterdam, kumene m'caka ca 1602 inakhazikika kampani ya zombo zopita ku maiko a kum'mawa, ndipo anthu anagulitsana magawo ace. Ku Johannesburg golidi anapezeka mu 1886, ndi msika wa masheya unatsegulidwa mu 1887, pakuti kukumba migodi kunafuna ndalama zoposa za munthu mmodzi. Ndiyo migodi yomweyo imene ambiri a makolo athu anakagwirako nchito ku Joni.

Kwathu kuno msika wotere unafika mocedwa. Lamulo lokonzera njira yace linaikidwa mu 1990, ndipo msikawo, wochedwa Malawi Stock Exchange, unakhazikitsidwa mu 1994. Kampani yoyamba kulowamo inali NICO, ya inshuwalansi, mwezi wa November 1996. M'zaka zimenezo Boma linalikugulitsa makampani ace ena, ndipo msika unakhala njira imodzi yakuti eni dziko agulekonso magawo. Kampani ya shuga ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, yochedwa Illovo tsopano, inalowa mu 1997. Press Corporation mu 1998. National Bank mu 2000. TNM mu 2008. Ndi Airtel mu 2020, pogulitsa magawo 20 mwa 100 ali onse. M'caka ca 2023 makampani a pamsikawo anali 16. Mu 2018 malonda anayamba kuyenda pa makompyuta, ndipo magawo a munthu alembedwa m'kaundula wosungidwa ndi Reserve Bank, m'malo mwa mapepala amene ciswe kapena moto zikhoza kuononga.

3. Mayendedwe ace

Kampani ikafuna kulowa pamsika, iyenera kusindikiza buku loonetsa cuma cace, mangawa ace, ndi maina a oiyendetsa. Ndipo italowa, iyenera kuulula caka ndi caka zimene yapindula kapena kutaya. Woyang'anira zonsezi ndiye Reserve Bank ya Malawi, monga mwa lamulo la 2010.

Munthu sagula yekha pamsikapo. Apita kwa amkhalapakati okhala naco cilolezo, naonetsa citupa cace, nalembetsa dzina lace, nanena magawo amene awafuna ndi mtengo umene alola kulipira. Akapezeka wogulitsa wobvomera mtengo womwewo, malonda atha, ndipo mkhalapakati alandira kagawo ka mtengowo, ndiwo malipiro ace. Mtengo suikidwa ndi Boma. Ukwera pocuruka ogula, nutsika pocuruka ogulitsa, monga acita matimati pamsika wa kwanu.

Mwini magawo apindula m'njira ziwiri. Yoyamba, kampani ikapindula, igawira eni ace gawo la phindulo. Yaciwiri, mtengo ukakwera, akhoza kugulitsa koposa umo anagulira. Aitanidwanso ku msonkhano wa caka ndi caka, kumene eni magawo asankha oyang'anira kampani.

4. Zoopsa zace

Pano pafunika kumvetsa bwino. Wina akagula magawo 1,000 pa K50 limodzi, walipira K50,000. Mtengo ukakwera kufikira K80, cuma cace cafika K80,000. Koma ukatsika kufikira K30, watsala ndi K30,000 zokha, ndipo palibe womubwezera. Caka cina kampani sipindula, ndipo sigawa kanthu. Nthawi zina wofuna kugulitsa alindira masiku osapeza wogula, popeza msika wathu ngwaung'ono. Mwezi wa October 1929 mitengo inagwa ku New York, ndipo ambiri amene anagula ndi ndalama zokongola anasauka m'masiku owerengeka.

Koma tisayese kuti kukwirira ndalama mumphika kulibe coopsa. Mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 mwa 100, ndipo ndalama zosungidwa pansi pa mphasa zinagula feteleza wocepa koposa kale. Cotero wosunga ndi wogula magawo onse awiri ayenera kulingalira.

5. Mkristu acitenji?

M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, Ambuye wathu adzudzula kapolo uja anabisa cuma ca mbuye wace m'nthaka. Ndipo pa Luka 12 adzudzulanso mwini cuma uja anakuza nkhokwe zace, naiwala Mulungu ndi moyo wace. Pakati pa awiriwa pali njira ya kapitao wokhulupirika. Kugula gawo la kampani yogwira nchito yooneka ndi maso sikufanana ndi njuga. Koma wogula lero kuti alemere mawa, osadziwa cimene wagula, mtima wace uli wa njuga ndithu.

Cifukwa cace tipangira abale zinthu zisanu izi. Musagule ndi ndalama za cakudya, za mbeu, kapena za sukulu ya ana. Musagule ndi ndalama zokongola, makamaka za katapira. Mwamuna asagule mobisira mkazi wace, kapena mkazi mobisira mwamuna wace. Musapereke ndalama kwa munthu wofika pamudzi ndi mau okoma, musanadziwe kuti ali naco cilolezo ca Reserve Bank. Ndipo wina akalonjeza kuti ndalama zanu zidzabala kawiri m'mwezi umodzi, kapena kuti mudzapindula mukakopa anzanu alowenso, dziwani kuti amenewo si malonda a pamsika uja. Cokani msanga, pakuti zimene alandira oyamba zicokera m'matumba a otsiriza. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Akuru a mpingo ndi osunga thumba acenjere koposa, popeza ndalama za zopereka si zao. Asaziike pa malonda ali onse popanda cibvomerezo ca bwalo la mpingo, colembedwa m'buku.

Mafunso a m'makalasi

1. Sheya asiyana bwanji ndi ngongole?
2. Kampani yoyamba kulowa pamsika wa ku Blantyre inali yiti, ndipo inalowa caka canji?
3. Chulani njira ziwiri zopindulira, ndi njira ziwiri zotayira cuma pamsikawo.
4. Tidzazindikira bwanji munthu wonyenga?
5. Kapolo wa pa Mateyu 25 ndi mwini cuma wa pa Luka 12 analakwa ciani, yense pa yekha?