Chakudya Chomanga Thupi

Dziko la Mfumu Kaluluma lili kumpoto kwa boma la Kasungu. Ndilo dziko la chidikha, ndipo eni ake alima fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Fodya atengera munthu ndalama, koma fodya sadyedwa. Chifukwa chake mwana wa sukulu ayenera kudziwa zakudya zimene zimanga thupi lake.

Zakudya zili m'magulu asanu ndi limodzi. Loyamba ndilo la zokhutitsa, monga nsima, mbatata ndi chinangwa; izi zipatsa mphamvu. Lachiwiri ndilo la nyemba, khobwe, soya ndi mtedza. Lachitatu ndilo la nyama, mazira, mkaka, usipa, mbewa ndi ngumbi. Magulu awiri awa akulitsa thupi. Lachinayi ndilo la masamba, monga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi khwanya. Lachisanu ndilo la zipatso, monga mango, masuku ndi magwafa. Masamba ndi zipatso zitchinjiriza thupi ku nthenda. Lachisanu ndi chimodzi ndilo la mafuta, ndipo awa afunika pang'ono pokha.

Pali njira ziwiri zoonongera thupi la mwana. Yoyamba ndiyo kusowa. Mwana wodya nsima yokha ndi ndiwo zochepa akhuta, koma sakula bwino. Nthawi zina miyendo ndi nkhope zitupa, ndipo anthu ayesa kuti wanenepa, pamene ali kudwala. Wotere apite naye msanga kuchipatala. Anthu a Kasungu saiwala njala ya chaka cha 2002, imene inapha ambiri. Ndipo pamene boma linayesa ana m'zaka za 2015 ndi 2016, linapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu, ana 37 anali opinimbira.

Njira yachiwiri ndiyo kuchulutsa. Fodya akagulitsidwa, ndalama zifika pamudzi. Pamenepo ana ena athamangira ku Nkhamenya kukagula maswiti, mandasi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, nabwerera kunyumba osafunanso nkhwani wotendera. Shuga ndi mafuta zimene thupi siligwiritsa ntchito zisungika m'thupi momwemo, ndipo mwana anenepa koposa muyeso. Ena ati kunenepa kotere ndi chizindikiro cha chuma, koma alakwa. Mwana wotere atopa msanga, mano ake abooka, ndipo atakula akhoza kudwala nthenda ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi.

Chakudya chabwino sichifuna ndalama zambiri. Mayi wanzeru aphika phala la mgaiwa, nathiramo nsinjiro. Afutsa masamba nthawi ya dzinja, kuti mfutso ukhalepo m'chilimwe. Bambo wanzeru salima fodya munda wonse, ndipo sagulitsa mtedza wake wonse kapena mazira onse. Mwana wanzeru adya za magulu onse tsiku ndi tsiku, amwa madzi oyera, asamba m'manja asanadye, ndipo asewera ndi kugwira ntchito kufikira atuluke thukuta.

Akulu anati, "M'mera mpoyamba." Thupi ndilo mphatso ya Mulungu, ndipo wolisamala akali mwana adzakondwera nalo pa ukalamba wake.

Mafunso
1. Tchulani magulu asanu ndi limodzi a zakudya.
2. Kodi kutupa kusiyana bwanji ndi kunenepa?
3. Chifukwa ninji mlimi wa fodya ayenera kulimanso nyemba ndi mtedza?