Mbira zikayamba kulumana m'khola

Mabanja ambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amaweta mbira kuseri kwa nyumba chifukwa sizilira malo aakulu. Koma nthawi zina mbira zomwe zakulira limodzi mwamtendere zimangoyamba kulumana, mpaka ina kufa ndi mabala.

Kawirikawiri zolumanazo zimakhala zamphongo. Mbira yamphongo imakhwima pa miyezi 2 kapena 3, ndipo ikamva fungo la yaikazi imaona mbale wake ngati mdani. Kuthinana m'khola, kuchepa kwa chakudya ndi kutentha kwa mu Okutobala zimawonjezera ukali. Nthata nazonso zimazikwiyitsa, choncho onani ngati zikudzikanda kapena kuthothoka ubweya.

Mukamva zikukukuta mano, dziwani kuti ndewu yayandikira. Musaleretse ndi manja, zingakulumeni. Ikani thabwa pakati kapena ziphimbeni ndi chiguduli. Magazi akatuluka, zilekanitseni kotheratu. Tsukani bala ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mchere pang'ono. Likatupa, kaonaneni ndi alangizi a ziweto.

Alimi anzanga, khola la zazikazi likhale ndi yamphongo imodzi basi. Ana aamuna muwachotse akakwana masabata 3. Chakudya muziika malo awiri, ndipo masamba aawisi asasowe tsiku lililonse, poti thupi la mbira silipanga lokha vitamini C.