Mphunzitsi ndi Mtima Wake: Luso Lodziletsa pa Ntchito

Pokonzekera ntchito ya uphunzitsi timathera nthaŵi yambiri pa zinthu zooneka ndi maso: kulemba chikonzero cha phunziro, kupanga zipangizo zophunzitsira, kulemba bwino pabolodi ndi kufunsa mafunso oyenera. Zonsezi nzofunika. Koma mphunzitsi amaloŵanso m'kalasi ndi mtima wake, ndipo mtimawo ukavunduka, phunziro lokonzedwa bwino limaonongeka m'kanthaŵi kochepa. M'phunziro lino tifuna kuonetsa kuti kudziletsa ndi luso limene munthu angaliphunzire monga amaphunzirira kulemba chikonzero, ndiponso kuti kudziletsa kumasiyana kwambiri ndi kubisa zimene zili mumtima.

Kumene maganizoŵa adachokera

M'chaka cha 1920 katswiri wa maphunziro wa ku America, Edward Thorndike, adalemba kuti pambali pa nzeru za m'mabuku palinso nzeru zokhalira bwino ndi anthu. Mu 1983 Howard Gardner wa ku yunivesite ya Harvard adaonjezerapo kuti nzeru zilipo zamitundumitundu, ndipo ziŵiri mwa izo ndi kudzidziŵa wekha ndi kuŵadziŵa anzako. Kenaka mu 1990 Peter Salovey ndi John Mayer adalongosola nzeru zozindikira ndi kuongolera za mumtima, ndipo buku la Daniel Goleman lotchedwa Emotional Intelligence, limene lidatuluka mu 1995, ndilo lidafalitsa nkhaniyi m'makampani ndi m'masukulu a maiko ambiri.

Mu 1997 Mayer ndi Salovey adaligaŵa lusoli panai: kuzindikira zimene iwe mwini ndi anzako mukumva mumtima, kuzigwiritsa ntchito poganiza, kumvetsa chimene chaziyambitsa, ndi kuziongolera. Onani kuti kuongolera kuli kumapeto. Munthu sangaongolere mkwiyo umene sanauzindikire.

Mkwiyo wa mphunzitsi sugwera mwana mmodzi

Jacob Kounin, amene buku lake lonena za mwambo m'kalasi lidatuluka mu 1970, adaona kuti mphunzitsi akadzudzula mwana mmodzi, ana ena oonerera amakhudzidwa nawonso, monga madzi a padziŵe amagwedezekera ponseponse mwala ukagwa pamalo amodzi. Pofufuza pakati pa ana aang'ono, iye ndi mnzake Paul Gump adapeza kuti chidzudzulo chomveka bwino, chotchula cholakwa ndi chimene mwana ayenera kuchita, chinkathandiza ooneraŵa kusunga mwambo. Chidzudzulo chaukali sichinkaonjezera kumvera ai, koma chinkaŵasoŵetsa mtendere anaŵo.

Motero tikamukalipira mwana mmodzi mopsa mtima, anzake onse amaphunzira kuti kuyankha molakwa nkoopsa. Maŵa lake manja okwezedwa amachepa, ndipo ife timayamba kudandaula kuti kalasi ili ndi la ana aulesi.

Kubisa si kudziletsa

Ambiri timaganiza kuti mphunzitsi wodziletsa ndi amene amamwetulira pamene mumtima muli moto. Mu 1983 Arlie Hochschild, atafufuza za anthu ogwira ntchito yosamalira apaulendo m'ndege, adaonetsa kuti kuonetsa nkhope yosiyana ndi mtima ndi ntchito payokha, ndipo imatopetsa. James Gross wa ku yunivesite ya Stanford adayerekeza njira ziŵiri. Munthu amene amangobisa pankhope amamvabe kuŵaŵa mumtima, ndipo thupi lake limavutika moposa. Koma amene amaiona nkhaniyo mwa njira ina mkwiyo usanakule, kuŵaŵako kumachepa ndithu.

Titenge chitsanzo. Mwana wa Sitandade 4 wagona pamene tikuphunzitsa kugaŵa nambala. Ganizo loyamba limati, "Mwanayu akundipeputsa." Ganizo limeneli limabala mkwiyo. Koma tingadzifunse kuti, "Kodi wadya m'maŵa muno? Kodi wayenda mtunda wautali bwanji? Kapena ali ndi malungo?" Mwanayo akadali chigonere, koma mtima wathu wasintha, ndipo tingamuyandikire nkumuuza motsitsa mau kuti, "Dzuka, kasambe kumaso, ndipo undipeze nthaŵi yopuma." Mwambo sunathe, phunziro silinaime, ndipo tapeza mpata wodziŵa chimene chikumuvuta.

Masitepe anai oyesera

Poyamba, dziŵani zizindikiro za thupi lanu. Ena mtima umagunda mofulumira, ena mau amakwera, ena manja amanjenjemera. Thupi limadziŵa msanga kuposa maganizo.

Kachiŵiri, chitchuleni dzina chimene mukumva: "Ndakwiya," kapena "Ndachita manyazi chifukwa ndasokoneza samu pabolodi." Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake ku Los Angeles adapeza kuti munthu akatchula dzina la maonekedwe a mkwiyo kapena mantha, mbali ya ubongo imene imadzidzimuka pa zoopsa imachepetsa kugwira ntchito kwake. Kaŵirikaŵiri chimene timachiyesa mkwiyo chimakhala manyazi, njala kapena nkhaŵa ya zakunyumba.

Kachitatu, dzipatseni kamphindi. Fufutani bolodi, pumani mpweya kangapo, kapena uzani ana alembe funso limodzi m'makope mwao. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kachinai, dzudzulani mchitidwe, osati mwana. Kunena kuti, "Usalankhule mnzako akamayankha," kumamuuza chochita. Kunena kuti, "Ndiwe mbuli," kumangomusiyira chilonda.

Mnzathu wotifunsa mafunso

Munthu sadziona yekha kumsana. Nchifukwa chake m'maiko ambiri ogwira ntchito amafuna mlangizi woŵathandiza kukula pa ntchito ndi pa moyo wao. John Whitmore wa ku Britain, m'buku lake la 1992, adafalitsa njira yotchedwa GROW, imene maziko ake ndi akuti mlangizi wabwino amafunsa koposa kulamula. Njirayi ili ndi mafunso anai: Mukufuna kufika pati? Pakali pano zinthu zili bwanji? Njira zimene zilipo nziti? Nanga muchita chiyani, ndipo liti?

Sitisoŵa kulipira munthu kuti tipindule ndi njira imeneyi. Pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, sankhani mnzanu mmodzi wosunga chinsinsi, ndipo muzikumana mphindi 20 pa mlungu. Wina afotokoze nthaŵi imodzi imene mtima udamuvuta m'kalasi, winayo afunse mafunso anai aja popanda kuŵeruza, kenaka musinthane. Wofunsa asafulumire kunena kuti, "Ndikadakhala ine." Yankho limene munthu walipeza yekha ndilo amalitsata. Nkothandizanso kusunga kabuku kolembamo mizere itatu madzulo alionse: chidachitika nchiyani, ndidamva chiyani, ndidachita chiyani. Pakatha mwezi mudzaona kuti mkwiyo uli ndi nthaŵi zake ndi malo ake, mwina phunziro lomaliza la tsiku, mwina masiku a kumapeto kwa mwezi.

Malire a lusoli

Tisanamizane kuti kudziletsa kumathetsa mavuto onse a ntchito. Chiyambire 1994, pamene Malaŵi adayamba maphunziro aulere a pulayimale, chiŵerengero cha ana chidakwera kwambiri, ndipo si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 m'makalasi oyambirira. Wotopa m'kalasi lotere si wofooka. Mu 1981 Christina Maslach ndi Susan Jackson adalongosola kutheratu mphamvu kwa anthu ogwira ntchito yothandiza anzao, ndipo adatchula zizindikiro zitatu: kutopa kwa mumtima, kuyamba kuŵaona anthu ngati zinthu chabe, ndi kudziona ngati palibe chimene ukukwanitsa. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza kuti vutoli limachokera ku kupanikizika kwa pa ntchito kumene sikunasamalidwe.

Chizindikiro chachiŵiri chija ndicho tiyenera kuchiopa koposa, pakuti chimabwera mwakachetechete. Mphunzitsi amene adayamba ntchito akudziŵa dzina la mwana aliyense amafika pomangoti "iwe uko." Tikadziona tafika pamenepo, tilankhule ndi mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'dera lathu za kagaŵidwe ka ntchito. Ndipo ngati tulo tasoŵa kwa milungu ingapo, chakudya sichikukoma, kapena moyo ukuoneka wopanda phindu, imeneyo si nkhani ya mnzathu wofunsa mafunso ai. Tipite kuchipatala.

Ana amene mudzaŵaphunzitse adzaphunzira kwa inu kuŵerenga ndi kulemba, komanso adzaona tsiku ndi tsiku mmene munthu wamkulu amachitira akakwiya. Phunziro limenelo mudzaliphunzitsa ndithu, mufune musafune, choncho nkwabwino kulikonzekera.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani kusiyana kwa kubisa mkwiyo ndi kuiona nkhani mwa njira ina. Perekani chitsanzo cha m'kalasi.
2. Mwana wakuyankhani mwamwano pamaso pa anzake. Lembani mau enieni amene mungamuuze, odzudzula mchitidwe osati mwanayo.
3. Aŵiriaŵiri, yesani mafunso anai a Whitmore pa vuto limodzi limene mudakumana nalo poyeserera kuphunzitsa. Ndi funso liti lidali lovuta kuyankha, ndipo chifukwa chiyani?
4. Kodi ndi mavuto ati a pa sukulu amene kudziletsa kwa mphunzitsi sikungaŵathetse? Nanga angaŵatule kwa yani?