Jogalafe ya Maso: Kutsikira ku Chembe

Anzanga, ku Italy kuli midzi isanu ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Cinque Terre, komwe alendo amakhamukirako chaka chilichonse. Ifenso midzi yotere tili nayo, ndipo sifunika pasipoti.

Kuno ku Dedza tili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Mukakhota pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa Golomoti, pofika kumunsi juzi mwavula kale, chifukwa Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Ukamatsika kumatentha, ukamakwera kumazizira. Zimenezi pa mayeso zimabwera!

Musanafike ku Monkey Bay mumapatukira ku Chembe, ku Cape Maclear. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba monga mbuna. Mu 1984 UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Mishoni ya Livingstonia inayambira pompo mu 1875, koma malungo anachititsa kuti isamukire ku Bandawe mu 1881.

Tsono mukapitako, kumbukirani kuti Chembe ndi mudzi wa eni ake. Usipa mukuuona pathandalawo ndi fizi ya mwana wa munthu, musaugwiregwire. Pemphani kaye musanajambule msodzi. Gonani mu neti. M'madzimo mulinso nkhono zofalitsa likodzo, choncho mukasambamo, kayezetseni kuchipatala mukabwerako, osadikira kuona magazi mu mkodzo.

Funso la sabata ino: n'chifukwa chiyani mbatatesi imachita bwino kwathu kuno kusiyana ndi ku Chembe?